Chitele Chimene Ababa Sanandimangire

Lamlungu lapitali tinachita misa yokumbukira bambo anga, a Zuze, poti chakwana chaka chimwalirire. Titatuluka m'tchalitchi anthu anabwera kunyumba kudzamwa thobwa, ndipo monga zinalili pa maliro, aliyense wofuna kuwatamanda ankayambira pa nkhuku. Uyu akuti chitele chake chatha zaka khumi osapendekeka, uyo akuti gondwa anazungulira chake mwezi wathunthu mpaka anaonda. Akamaliza ankapita kukagwira dzanja la mlamu wanga, amake Joze, ngati kuti mwana wa malemuyo ndi iye. Ine Sofiya, mwana wobereka okha, ndinali poteropo ndi chikho m'manja kugawa thobwa. Ndinene poyera kuti ndinapsa mtima, ndipo sikunali kuyamba.

Kuno kwa Mphuka, makomo amene alibe chitele cha Ababa ungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Limodzi mwa makomo amenewo ndi langa. Anamangira aphunzitsi, anamangira akazi amasiye, anamangira ngakhale munthu amene anawabera ukonde kalekale, koma ine ayi. Choncho wofuna mbiri ya munthu woyera mtima akafunse kwa amake Joze. Ine ndinena za bambo amene ndinawadziwa, aluso, ouma mutu, ansanje ngati ine ndemwe.

Poyamba sanali munthu wa nkhuku. Anali msodzi pa Zambezi, ndipo miono yawo, misampha ija ya nsomba yolukidwa ndi mabango, inkadziwika mpaka ku Kavalamanja. Ndili mtsikana, mvuu inagubuduza bwato lawo n'kuwaphwanya chiuno. Anagona miyezi kuchipatala cha ku Katondwe, ndipo potuluka mwendo wakumanzere unali utafupika. M'bwato sanakweremonso. Chaka chathunthu ankangokhala pansi pa mtengo wa masawu kuonerera anzawo akupalasa, n'kumanyoza mapalasidwe awo mmodzimmodzi. Amayi atatopa ndi pakamwa pawo anawaponyera mtolo wa mabango, amvekere ngati manja sanathyoke aluke pogona nkhuku, poti zinkagona m'khitchini pamodzi ndi mapoto. Chitele choyamba chinatuluka ngati mono waukulu wosanjikidwa pa mitengo. Anthu anaseka sabata imodzi, yachiwiri anayamba kubwera ndi mabango awo.

Ngakhale ndili ndi mangawa nawo, luso sindingawamane. Nsanamira zinkakhala zinayi za mtengo wa mupani, zofika pachifuwa cha munthu wamkulu, zosendedwa n'kupalidwa mpaka kuterera kuti gondwa akayesa kukwera azingotsetsereka. Pansi ankayala timitengo motalikirana pang'ono, kuti zitosi zizigwa zokha ndipo mphepo izilowera kunsi. Khoma linali la mabango omangidwa ndi mlaza, denga la udzu wochindikala lotulukira kunja ngati chipewa. Khomo ankaliloza kukhitchini kuti mwini nyumba aziliona akuphika. Makwerero sankawakhomerera. Ankati makwerero ogona pachitele ndi kalata yoitanira chilichonse choyenda ndi miyendo inayi. M'kati ankaikamo miono yakale yodulidwa pakati, n'kuwazamo phulusa loletsa utitiri, ndipo nkhuku zinkaikira m'menemo ngati zinabadwiramo.

Koma ntchito yawo sinkayambira pa mabango. Munthu akawapempha chitele, ankafika m'mawa ndi kampando kawo n'kukhala pabwalo lake tsiku lonse, manja ali pa ndodo, osagwira kanthu. Osawadziwa ankayesa abwera kudzadikira chakudya. Iwo ankakhala akutsata mthunzi, pamene ukuyambira, pamene ukuthawira masana, ndi pamene ukubwerera. Ankati kuno kwathu chimene chimatha nkhuku si kabawi kapena njoka koma dzuwa, ndipo womanga chitele asanaone mthunzi wa masana akumanga manda. Dzuwa likamalowa ankafunsa funso limodzi lokha, loti ndani azichotsa makwerero madzulo aliwonse. Wina akati ana, ankafuna dzina la mwanayo. Wina akati tiziona, ankanyamula kampando kawo n'kumapita. Bwana wina wa ku boma, wa nyumba ziwiri ndi akazi awiri, anamukanira pamaso, akuti nkhuku sidziwa kuti lero ndi tsiku la kwa mkazi wamng'ono. Amene amumangira ankamuuza kuti dzira loyamba ndi lawo, ndipo ankapitadi kukalitenga, ngakhale kukhale kutali bwanji.

Nsanje yawo inali yodziwika mudzi wonse. Amuna angapo anabwera kuti aphunzire, onse ankawatuma kukadula mabango, ndipo pobwerako ankapeza povuta ponse pamangidwa kale. Pofika pomanga mfundo ya pakhomo ankatembenuka n'kupereka msana. Atamva kuti kufupi ndi Katondwe kuli munthu wina amene wamanga chitele chokongola, sanadye bwino masiku awiri. Tsiku lachitatu anapempha wanjinga kuti awanyamule, mtunda wonsewo ndi chiuno chawo chija. Anakafika, n'kuchizungulira katatu, n'kugwedeza nsanamira imodzi, kenako anamuuza mwini wake kuti chidzagwa mvula yachiwiri. Anabwerako madzulo atatuwa ndi fumbi koma akuimba. Chitele chija chinatha zaka zisanu chili chiimire, ndipo nkhani imeneyo sinkatchulidwa pakhomo pathu.

Munthu mmodzi yekha ndiye anaona mfundo ya pakhomo ija, ndipo anali mkazi, komanso mpongozi wawo. Amake Joze anakwatiwa ndi mchimwene wanga Pedulo. Pedulo atamwalira, mwambo wonse unachitika, abale ake a ku Kavalamanja anabwera kudzamutenga, koma iye anakana. Amayi anali atatisiya kale, ine ndinali ku Lusaka, ndipo anati sangasiye nkhalamba yopunduka ikudzitungira madzi. Zabwino, sindikutsutsa. Koma mwambo wathu sulola mkazi kukhala maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna, ndipo awiriwa anausunga mwambowo mpaka kumapeto, mwa njira yawoyawo. Ababa ankakhala mbali iyi ya mtengo wa masawu, iye mbali inayo, aliyense kuyang'ana kwake, ndipo onse ankalankhula ndi mtengo.

"Iwe mtengo," Ababa ankatero, "uza anthu a kuseli uko kuti mlaza ufunika kunyowetsa."

"Mtengo, uwauze kuti nanyowetsa kudala," ankayankha amake Joze. "Uwauzenso kuti phala lawo lizizira."

Chimene Ababa aluka ankachikankhira kuseri ndi ndodo, iye n'kuchimasula, n'kuchilukanso, n'kuchibweza. Chikalakwika, wotukwanidwa unali mtengo. Umo ndi mmene luso lonse la bambo anga linawolokera kwa mwana wa eni ake, ine ndili ku Lusaka kutumiza shuga ndi sopo n'kumadziyesa mwana wabwino.

Ndinabwerera kuno patatha zaka makumi awiri ndi zitatu, n'kumanga kanyumba kanga kumapeto kwa mudzi. Tsiku loyamba kupita kukawaona, ndisanapereke ndi moni, maso anga anagwera pa chitele cha amake Joze. Zina zonse m'mudzimu zinali zotuwa ngati udzu wouma. Ichi chokha chinali ndi mizere yakuda kuzungulira khoma lonse, ya mlaza woviikidwa m'matope a kudambo, yondondozana ngati ya pathupi pa nsomba ya mcheni. Ngakhale makwerero ake anali osemedwa. Ndinaima pamenepo n'kumangochiyang'ana. Ine bambo anga sanandilukirepo ngakhale kadengu.

Nkhuku ndinali ndisanawetepo chibadwire, ndipo kunena zoona sindinkazifuna kwenikweni mpaka tsiku limenelo. Patapita sabata ndinapita pansi pa mtengo paja, n'kugwada bwinobwino.

"Ababa, nifuna kuyamba nkhuku. Munimangireko chitele."

Anapitiriza kusenda mlaza.

"Nkhuku za pakhomo pati?"

"Panga."

"Pako ni pati, apa olo ku Lusaka?"

"Nabwerera, Ababa. Simunaone katundu?"

"Naona. Naona na masutikesi, yali pafupi na chitseko. Mlendo ni mame, mwana wanga. Mvula ikakupeza kuno, tizakamba."

Ndinkadziwa kuti kuseri kwa mtengo kuli makutu. Ndinadzuka osatsanzika.

Mvula sindinaidikire. Ndinapeza chithunzi pa foni, khola la nkhuku la anthu a kunja, n'kupita nacho kwa wowotcherera zitsulo ku boma. Mnyamata wa ntchito yake, anapanga ndendende zimene ndinamuuza, mafelemu a chitsulo, waya wonyezimira, denga la malata, penti wabuluu, ndi kachitseko ka loko. Anandifunsa ngati ndili ndi pamthunzi poliika, ine ndinamuuza kuti zimenezo asiyire ine. Linabwera pa galimoto ya ogula nsomba, ndipo ndinalitsitsira kutsogolo kwa nyumba, pambalambanda, pafupi ndi njira, kuti aliyense wopita kumtsinje alione, makamaka anthu ena ake. Ndinagula misoti isanu ndi umodzi ndi tambala wofiira. Azimayi ankaima n'kumati koma Lusaka ndi Lusaka, ine mtima n'kumakhala m'malo.

Ababa anabwera tsiku lachiwiri. Analizungulira katatu monga mwa chizolowezi chawo, n'kugogoda denga ndi ndodo.

"Manje ichi ni chitele olo ni uvuni?"

"Ni cha masiku ano, Ababa. Mabango yanapita na kale."

"Chinyamule uchiike kumbuyo, pali mtengo."

"Kumbuyo azachiona ndani?"

Anatembenuka n'kumapita. Ndinaganiza kuti nsanje yawapweteka, ndipo ndinakondwa.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale mbuzi zimakana kutuluka pansi pa nkhokwe. Anthu anandiuza kuti nkhuku zatsopano uzitsekere masiku angapo kuti zizolowere pakhomo, ndipo ine ndinatsekadi, ndi loko yemwe. Tsiku lachitatu ndinaziikira madzi m'kabeseni, n'kupita ku boma m'mawa kukalukitsa tsitsi. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Kabeseni kanali katagubuduzika. Tambala anali gone pakhomo, mutu utalowa mu waya. Misoti inayi inali itauma kale, milomo ili yasa. Iwiri yokha ndiyo inkapumabe, mapiko ali tambalale pansi. Ndinakuwa ngati kwagwa maliro a munthu.

Woyamba kufika anali amake Joze, Ababa akutsimphina pambuyo pake. Ababa sanafunse kanthu. Anaika chikhatho padenga n'kuchichotsa msanga. Anatulutsa misoti iwiri ija, n'kuiviika mumtsuko wanga wa madzi akumwa mpaka m'khosi, n'kumaiuzira mpweya m'milomo, umodzi kenako unzake, atakhala pansi pa dothi lotentha lija. Patapita nthawi umodzi unaphethira, wina n'kukupiza phiko. Ndinadikira kuti andikalipire. Ndinkafuna andikalipire, chifukwa munthu amakalipira wake. Koma iwo anayang'ana khola langa labuluu lija, poti pamenepo panalibe mtengo wolankhula nawo, n'kunena kuti:

"Iwe uvuni, uza anthu atenge izi ziwiri akasunge kwao."

Amake Joze anazifukata m'chitenje n'kumapita. Ababa anadzuka ndi ndodo yawo n'kumulondola.

Misoti iwiri ija inakula m'chitele cha mizere chija, inaikira, inaswa, ndipo zidzukulu zake zadzaza bwalo la mlamu wanga mpaka lero. Iye, ndi mtima wake wabwino wotopetsa uja, ankabwera ndi mazira m'mbale n'kumati, "Mulamu, ni ya nkhuku zanu aya." Ndinkakana kawiri, kachitatu n'kulandira, ndipo ndinkawakazinga ndi mkwiyo. Dzira loyamba anadya ndi Ababa, kwa amake Joze. Za chitele sindinapemphenso, iwonso sanazitchulenso. Ndinkapita kukawaona, kuwachapira, kuwameta, tinkakamba za mvula ndi za njovu zimene zalowa m'minda ya mapira. Mvula inandipeza kuno kamodzi, inandipezanso kachiwiri, koma kampando kaja sindinakaone pabwalo langa.

M'miyezi yawo yomaliza zala zinauma, mpeni unkawapulumuka. Ankakhalabe pansi pa mtengo, amake Joze akuluka kuseri, iwo akumvetsera kulira kwa mabango n'kumauza mtengo kuti anthu akumanga mothina kwambiri. Anamwalira mvula ili pakati, masana, ine nditawagwira dzanja ili, amake Joze atakhala pakhomo atafulatira monga mwa mwambo. Mawu awo omaliza omveka anali ofunsa ngati udzu wa padenga la chitele cha kwa akatekisiti wasinthidwa. Ndinayembekeza kuti mwina atchula dzina langa, koma sanatero.

Ndiye Lamlungu lija, mayi wina atagwira dzanja la amake Joze n'kunena kuti a Zuze anasiya mwana weniweni, chikho chinandigwa m'manja.

"Ee, anasiya mwana mmodzi chabe," ndinatero mokweza. "Ise ena tinali alendo. Olo chitele cha nkhunda sitinachione."

Amake Joze anadikira mpaka anthu onse atabalalika, anatsuka makapu, kenako anandigwira pamkono, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Mulamu, tiyeni kwanu. Nifuna muone chinthu."

Sanalowe m'nyumba. Anandipititsa kuseri, pakati pa khitchini ndi mtengo wa bwemba.

"Anabwera apa," anatero.

"Ndani?"

"Apongozi. Mukumbuka Juni uja munapita ku Lusaka ku kicheni pate ya mwana wa anzanu? Munati masiku atatu."

Ndinakumbuka phwando lija lolangiza mkwatibwi. Ndinakakhalako masabata asanu ndi limodzi, poti ukafika kumeneko uyu akuti gona kwathu, uyo akuti dikira ukwati weniweniwo.

"Tsiku lamene munati mubwera, anauza mtengo kuti Sofiya mvula yamupeza kawiri, tiyeni tikaone mthunzi. Nine n'nanyamula kampando. Anakhala apa kuchoka m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ananituma kumtsinje kukatenga miyala inayi, anaiika okha pamene pazakhala nsanamira. Anati mizere yanu izakhala iwiri iwiri, yakuda na yofiira, chifukwa mukonda vooneka. Kunatsala chabe kukufunsani za makwerero."

"Manje?"

"Manje simunabwere. Mawa lake tinabweranso. Masiku anayi, mulamu, na mwendo uja. Tsiku lachisanu anati kampando kakhale."

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire nthawi yonseyi. Anati Ababa anamuletsa. Iwo anati miyala ikhale pomwepo, ndipo Sofiya akadzafunsa kuti miyala iyi waika ndani, pamenepo umuuze.

Miyala ija ndinaipezadi nditabwerako. Ndinayesa ndi ana a anthu amasewera pakhomo panga ine kulibe, ndipo ndinawatukwana mumtima. Sindinafunse munthu. Itatu ndinaiponya padenga la khitchini kuti izipsinja malata, ndipo ili kumeneko pakati pa inzake yambirimbiri, sindingaizindikire.

Mungaganize kuti nditamva zimenezi nsanje inatha. Sinathe. Masiku anayi amene bambo anga anakhala pabwalo langa akuganiza za ine, amene anawaona ndi iye. Iye ndiye anamva za mizere yakuda ndi yofiira. Ngakhale chikondi chawo pa ine ndachilandira kuchokera m'manja mwake, ngati mazira aja. Akuti mabango akauma akhoza kudula n'kundimangira monga anamuphunzitsira. Sindinavomere, sindinakanenso.

Malowo ndi aang'ono, mapazi asanu uku ndi uku, pakati pa khitchini ndi bwemba. Ndinkatayapo madzi otsukira mbale, ndipo pamera chisoso ndi kaudzu kofewa. Dzulo ndinakhalapo tsiku lonse. Dzuwa limafikapo m'mawa pang'ono pokha, kenako denga la khitchini limatchinga, ndipo mthunzi wa khitchini usanachoke wa bwemba umakhala wafika kale. Masana, bwalo lonse likuwotcha mapazi, dothi la pamenepo limakhala lozizira. Ukakhala pamoto m'khitchini umaliona lonse osatembenuza khosi. Palibe nsanamira, palibe dzenje, palibe nthenga ndi imodzi yomwe. Pali mwala umodzi wosalala wa kumtsinje, umene unabisala mu udzu tsiku limene ndinkataya inzake. Ndauyang'ana mbali zonse, koma sindikudziwa ngati ndi wa nsanamira ya kutsogolo kapena ya kumbuyo. Amene akudziwa ndi amake Joze.